Chisanu cha kale ku Nambuma: moto umodzi, mbumba yonse

Adzukulu anga, senderani kuno ndikuuzeni za chisanu cha kale. Kuzizira kumene mukudandaula nako m'miyezi ya Juni ndi Julayi si kwa lero. Makolo athu adakupeza, ifenso tidakulira momwemo, tilibe majuzi ndi masokosi amene mumasankha pakaunjika masiku ano. Dziko lathu lino, kuchokera ku Nambuma kudzera ku Kabudula ndi ku Nsaru mpaka ku Namitete, ndi chidikha chokwera. Mphepo ya mwera ikayamba siipeza phiri loitchinga, imangolowa m'mudzi ndi kukupeza pamphasa. Mamawa m'madambo mumagona nkhungu, ndipo mame amaluma zala zakuphazi. Komabe mukafunsa nkhalamba iliyonse ya kuno kuti mudzi unkakoma liti, idzakuuzani kuti nthawi yachisanu.

Chifukwa chake n'chosavuta. M'dzinja munthu sankamuona bwino m'bale wake. Tambala akalira aliyense ndi khasu paphewa, kubwera madzulo msana utauma, m'mimba muli pululu, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zinkaoneka pansi. Nthawi yamasika inali yothamangitsana ndi chiswe ndi mbewa kuti zokolola zifike pakhomo. Koma ikafika Juni, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wauma, mbatata zakumbidwa, khasu lapachikidwa. Dzuwa linkalowa msanga, usiku n'kutalika, ndipo kuzizira kunkatithamangitsira tonse pamalo amodzi. Palibe adaitanitsa msonkhano kuti tiyeni tizicheza. Moto ndiwo unkaitana.

Moto wakewo sudali wa tinkhuni ta m'manja. Amuna ankapita kuthengo kukagwetsa mtengo wouma wa muwanga kapena wa tsamba, n'kukoka chikuni chonse mpaka pabwalo. Chikuni chotere chinkanyeka pang'onopang'ono usiku wonse, m'mawa n'kungofukula phulusa, kuuzira, moto wayaka. Machesi adali osowa, ndiye wozimirwa moto ankatuma mwana ndi phale kukapala kwa mnzake. Mwana wopala motoyo ankabwerako ndi nkhani: kuti agogo akutsokomola, kuti azakhali agona ndi mutu. Pofika nthawi yakadzutsa mudzi wonse unkadziwa amene wadzuka bwino ndi amene akufunika kukamuzonda.

Madzulo kunali chidyerano. Mayi aliyense ankaphika kunyumba kwake, koma nsima siinkadyedwa m'nyumba chitseko chili chotseka. Mbale zina zinkapita kwa amuna ndi anyamata kumphala, zina kwa amayi, atsikana ndi tiana kukuka kwa agogo aakazi. Ndiwo zinkakumana pamenepo: uyu wabweretsa mfutso wa nkhwani wotendera, uyu khwanya, uyu nyemba, wina mbewa zimene ana ake akumba masana. Amene tsiku limenelo adalibe ndiwo sankadziwika, pakuti dzanja lake linkapisa m'mbale ya mnzake. Mwana wamasiye, mlendo wodutsa, ngakhale mkamwini wongofika kumene amene ankaopabe kutafuna pamaso pa eni mudzi, onse ankakhuta. Pamenepo m'pamene tidaphunzira kuti wamkulu ndiye ayamba kusamba m'manja, kuti mwana sathamangira nthuli, ndi kuti sunyamuka pambale akulu asanatsirize. Mawu oti mwana wa mnzako ngwako yemwe ife sitidawaphunzire m'buku, tidawaona pambale ya nsima.

Tikatha kudya sitinkakhala manja lende. Apa mumvetse bwino, adzukulu anga, chifukwa anthu amaganiza kuti kale tinkangowotha moto n'kumaseka. Kucheza kwathu kunali ndi ntchito m'manja. Pakati pankaikidwa dengu la mtedza wa Chalimbana umene amayi adathothola masana, aliyense n'kumaswa, makoko pamoto, maso m'lichero. Tsiku lina n'kutong'ola chimanga choti akakonole m'mawa. Madoda ankaluka nsengwa ndi malichero, kusema mipini, kupota zingwe za luzi, kusoka mphasa. Mnyamata amene ankakhala pafupi ndi atsibweni ake ankatola luso osadziwa kuti akuphunzitsidwa. Amuuza kuti gwira apa, ng'amba nsungwi iyi, chaka chamawa n'kupezeka akumanga yekha nkhokwe. M'phulusa munkakwiriridwa mbatata, paphale pankakazingidwa chimanga ndi mtedza, ndipo mwana wogwira ntchito molimbika ndiye ankalandira mbatata yaikulu.

Manja akutanganidwa choncho, pakamwa pankamasuka. Tinkayamba ndi zilape. Wina akati "Chilape!" tonse n'kuyankha "Nachize!" Iye n'kunena kuti nyumba ya amayi ake ilibe khomo. Tiana tating'ono tinkakanda m'mutu mpaka wina atafuula kuti ndi dzira. Tikalephera tinkayenera kumulipira mudzi wongopeka, wina kumupatsa Lilongwe, wina Dowa, iye n'kumakana mpaka titamupatsa mudzi umene waukonda, ndiye aulule. Zinali zoseketsa, koma mwana wozolowera zilape sankavutika kumva akulu akamayankhula mokuluwika pabwalo la milandu.

Kenako agogo ankakonza pakhosi n'kunena kuti "Padangotero," ife tonse "Tili tonse!" Kuvomerako kunali ndi ntchito yake: amene wasiya kuvomera ndiye kuti wawodzera, ndipo anzake ankamugwedeza asanagwere pamoto. Nthano iliyonse inali ndi nyimbo yake, agogo kutsogolera ife kuvomera, mpaka amayi amene ankatsuka mbale nawonso n'kulowerera. Masana nthano zinali zoletsedwa, ankatiopseza ndi zoopsa zosiyanasiyana, koma tidazindikira titakula kuti akulu sankafuna kuti ntchito iime chifukwa cha Kalulu.

Agogo sankatola nthano mwachisawawa. Mwana akakana kukatunga madzi masana, madzulo ake tinkamva za Kalulu amene adakana kukumba chitsime pamodzi ndi nyama zinzake, n'kumabwera usiku kudzaba madzi, mpaka Kamba wonyozekayo adamugwira. Dzina la mwana silinkatchulidwa, koma aliyense ankadziwa kumene nkhaniyo ikulowera, mwini wake n'kungoweramitsa mutu m'lichero la mtedza. Wadyera ankamva za Fisi. Mtsikana wonyada ankamva za namwali wokana amuna onse a m'mudzi amene adakwatiwa ndi chilombo chovala bwino. Mwana ankadzudzulidwa popanda mkwapulo ndiponso popanda kuchititsidwa manyazi. Nthano ikatha agogo ankati tikaphule mbatata isanapserere, ndipo inkapezekadi yapsa.

Ana aang'ono akagona, akulu ankalowa m'nkhani zolemera, ndipo ife osinkhuka tinkachita ngati tikusonkhezera moto kuti asatithamangitse. Pamenepo ndidamva za Aphiri ndi Abanda, za Kalonga mfumu ya Amaravi, za Kaphirintiwa ku Dzalanyama kumene makolo amati kuli mapazi a anthu oyamba pathanthwe, ndi za Makewana wa ku Msinja kumene ankapempha mvula. Ndidamvanso za nthawi ya nkhondo, pamene Angoni a Chiwere a ku Dowa ndi a Mpezeni a kumadzulo ankavutitsa midzi ya Achewa, anthu n'kumagona m'malinga omanga ndi dothi. Koma zofunika koposa zinali za pakhomo pomwe: kuti agogo a agogo athu adachokera kuti, manda athu akale ali pati, malire a munda wa mbumba yathu adutsa pachulu chiti, ndi kuti a mudzi wakutiwakuti ndi abale athu, osakafunsirako mbeta. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mtsibweni ndi amene ankasunga zimenezi n'kuzisiyira ana a alongo ake. Milandu yambiri ya malo imene ikudzaza mabwalo a mafumu lero ikadachepa achinyamata akadamva zimenezi eni ake adakali moyo.

Pogona anyamata tinkapita kumphala, atsikana kukuka kapena kugowelo kwawo. Bulangete linali chuma. Ambirife tinkafunda chiguduli kapena nsalu yomwe tavala masana, ndiye tinkagona mothithikana ngati mbatata m'nkhuti, wamng'ono pakati, akulu m'mbali. Amene udakangana naye masana unkamufuna usiku, chifukwa msana wake ndiwo unali chofunda chako. Mkwiyo sunkagona kawiri.

M'mawa tinkawotha dzuwa kukhonde lakum'mawa, agogo atakhala pachikopa, amayi akutidzoza mafuta a nsatsi kuti tisatuwe. Dzuwa likakwera ntchito za chilimwe zinkayamba. Amayi ankapita gulu kukamweta udzu wofolera moto wolusa usanadutse. Akamwini ankamanga ndi kumata nkhokwe za apongozi. Ena ankatsikira kudimba kukathirira mpiru ndi kudula nzimbe. Anyamata tinkatenga makasu kukakumba mbewa m'minda yokololedwa, kutsata mauna, kufukiza utsi, madzulo n'kubwera ndi mpani wodzaza. Tinkamenyanso nguli pabwalo ndi chikwapu cha luzi. Atsikana ankasewera phada.

Koma mfumu ya masewero onse inali masanje. Eni minda akatha kukolola, ana tinkaloledwa kukunkha zotsalira. Tinkamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, kusankha mfumu, nyakwawa, abambo, amayi, ngakhale fisi woba ndiwo. Atsikana ankasinja, kuphika nsima yeniyeni m'timiphika, anyamata kubweretsa mbewa ndi ziwala. Nsima yoyamba inkaperekedwa kwa agogo kumudzi kuti alawe, iwo n'kunena kuti yapsa kapena ndi yaiwisi. Mtsikana ankafika pachinamwali akudziwa kale kugwira mthiko, mnyamata akudziwa kuti pakhomo popanda ndiwo mwamuna amafunsidwa.

Mwezi ukawala, kuzizira tinkakuiwala. Atsikana ankaima bwalo kuvina chitelele, kuwomba m'manja mpaka thukuta. Ife tinkachita chibisalirano kuseri kwa nkhokwe. Anyamata akuluakulu ankayeserera mganda ndi malipenga a zikho, kukonzekera kukapikisana ndi midzi ina, atavala zoyera zotsukidwa bwino. Amayi adali ndi chimtali chawo. Popeza chimanga ndi mawere zinalipo, chimera chinkafuwidwa, mowa ndi thobwa n'kuphikidwa. N'chifukwa chake zinamwali, maukwati, kulonga ufumu ndi miyambo yokumbukira amene adatisiya zinkadikira kuti anthu akolole. Abale okwatiwa kutali ankabwera ndi ana awo kudzakhala masabata, ana a mimba imodzi n'kudziwana. Ng'oma za Gule Wamkulu zinkamveka usiku kuchokera kutali, ndipo masana bwalo linkadzaza fumbi. Za kudambwe sindinena, si za pano. Ndingoti gule amene ena ankamunyoza uja, bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse.

Kuno ku Nambuma nkhani ya gule inali ndi mbali ziwiri. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni mu 1928, ndipo kuyambira pamenepo m'mudzi umodzi munkapezeka akhristu ndi a kudambwe, nthawi zina ana a mayi mmodzi. Mikangano inalipo, ina yoopsa ndithu, makamaka pa maliro ndi pa ana opita kusukulu. M'mabanja achikhristu madzulo ankayamba ndi kolona ndi mafunso a katekisimu nthano zisanayambe. Koma chimene ndidaona ndi maso anga n'chakuti wobwera kutchalitchi ndi wobwera kubwalo la gule ankasamba m'manja m'mbale imodzi. Chisanu sichinkafunsa kuti uli mbali iti.

Nyengo imeneyi inalinso ya ndalama. Fodya wa chikopa adafala kuno m'zaka za m'ma 1920, pamene mzungu wina, A. F. Barron wa ku Mbabzi, ankagawa mbewu kwa alimi a m'midzi, ndipo mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimiwo. Fodyayo ankaumitsidwa ndi utsi, ndiye banja lonse linkagwira: abambo kusonkhezera moto, amayi ndi ana kusankha masamba ndi kumanga mitu. Tsiku la msika tinkadikira kumsewu. Abambo ankayamba achotsa ya msonkho, yotsalayo n'kugula mchere, sopo, nsalu ya amayi, ndipo chaka chabwino bulangete kusitolo kwa amwenye. Masiku amenewo tinkawerenga mapaundi, mashileni ndi mapeni. Kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971, chaka chomwe ADMARC idayamba.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Pamoto pomwepo pankakhala malo opanda munthu. Amuna ambiri adali kuntchito ku Joni atatengedwa ndi bungwe la Wenela, ena ku Halale atatengedwa ndi bungwe la Mthandizi. Kalata ikafika, ankaitana mwana wa sukulu ya kumishoni kuti awerenge pakuwala kwa moto, mbumba yonse ili chete, ndipo yankho linkalembedwa pomwepo, aliyense kuikamo moni wake. Obwerako ankasimba kuti ku Johannesburg chisanu cha miyezi yomweyi chimaumitsa madzi, ndipo ankabwera ndi majasi, mabulangete olemera, njinga, ena galamafoni. Ena sadabwerenso, adasanduka machona. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu adaimitsa ulendo wa Wenela. Ana amene abambo awo adali kutali adaleredwa ndi moto wa mbumba womwewu, ndi atsibweni ndi agogo. Pakadapanda chidyerano ambiri akadakula movutika koposa.

Mavuto ena adali a moto weniweniwo. Ana ogona pafupi ankagubudukira pamakala, ndipo m'badwo wathu uli ndi zipsera zambiri. Odwala khunyu ankapsa koopsa. Utsi wa m'nyumba zopanda mawindo unkabweretsa chifuwa, ndipo chibayo chinkatenga makanda ndi nkhalamba chaka ndi chaka. Miyendo inkachita mbala chifukwa chowotha moto, mapazi n'kung'ambika zikang'a. Zimenezo musazisirire. Majuzi anu, nsapato zanu ndi chipatala chapafupi ndi zabwino.

Nanga zidatha bwanji? Sizidathe tsiku limodzi. Mu 1964, chaka cha ufulu, MBC idayamba kuulutsa mawu, ndipo pasanapite nthawi mawailesi a Nzeru adafika m'midzi. Poyamba wailesi inkatisonkhanitsa. Mudzi wonse unkapita kunyumba imene inali nayo kukamvera nkhani ndi sewero la Kapalepale, kapena zikondwerero za pa 6 Julayi, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti apezeko mphamvu. Koma taonani chimene chidasintha: kale woyankhula adali agogo, tsopano agogo nawo adakhala omvera. Kenako nyumba iliyonse idapeza wailesi yake, khomo lililonse n'kuyamba kudya palokha. Ndalama zitalowa m'ndiwo, munthu adayamba kuwerenga kuti nyama yogula sangaitumize kumphala.

Chachiwiri ndi mitengo. Kuyambira mu 1968 chitukuko cha malo cha Lilongwe Land Development Programme chidalambula misewu ndi kukumba zitsime kuno kumadzulo, minda n'kukula. Mu 1975 likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, tauni n'kuyamba kufuna nkhuni, makala ndi njerwa zootcha. Fodya naye adadya mitengo yake, anthu tidachulukana, thengo lidatha. Lero mayi amaphikira zitsononkho ndi mapesi, moto wongolilima kamphindi n'kuzima. Nsima ikapsa palibe chowotha, ndiye aliyense amathawira m'bulangete. Abambo ali kumalo omwera pa tiledingi senta, anyamata ali kokaonera mpira ndi mafilimu, amene atsala pakhomo aliyense maso ali pafoni yake. Agogo amagona ndi nthano zawo m'mimba.

Sindikunena kuti mukagwetse mitengo yotsalayi kuti muwothe moto monga ife. Imeneyo isiyeni, ndipo mvula ikagwa bzalani ina, kuti adzukulu anu adzapeze chikuni. Moto waung'ono ukwanira. Chitetezo mbaula ija youmba ndi dothi imasunga kutentha ndi nkhuni zochepa, ndipo banja lingathe kuizungulira pakhonde kapena m'khitchini. Koma chenjerani: mbaula ya makala musagone nayo m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wake sununkha, umagoneka anthu tulo tosadzuka nato. Mwana wamng'ono asagone pafupi ndi moto, ndipo akayamba kupuma mothamanga kapena movutika, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.

Zotsalazo zili m'manja mwanu, ndipo sizilira ndalama. Mtedza mukulimabe, kaya ndi Chalimbana kaya CG7 uja adachokera ku Chitedze. M'malo moti mayi aziswa yekha masana, ikani dengu pakati madzulo, aliyense agwire. Nyumba za mbumba imodzi zigwirizane tsiku limodzi pa sabata, Loweruka kapena Lamulungu, kubweretsa mbale pamalo amodzi, osayang'ana kuti wina wabwera ndi nyama wina ndi mfutso. Abambo, tsiku limenelo bwererani kunyumba dzuwa lisanalowe. Amayi, alekeni ana achite masanje, musawakalipire chifukwa cha kaufa kochepa. Mwezi ukawala atulutseni avine, thupi litenthe.

Ndipo inu achinyamata, foni yanuyo ikhoza kugwira ntchito yabwino. Pitani kwa agogo anu ndi kwa atsibweni anu, muwafunse kumene mbumba yanu idachokera, mayina a amene adagona kumanda kwanu, malire a munda, ndi nthano zimene iwo adamva ali ana. Jambulani mawu awo, mutumizire abale anu amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera kwa amene adawamva. Ife amene tidaona mphala ndi kuka tatsala owerengeka, ndipo chisanu chilichonse chimatengako ena. Musadikire chaka chamawa, bwerani mudzafunse Juni yemwe uno.